Mfundo zofunika kwa woyenda pa galimoto yamagetsi mumsewu wa Mchinji

Msewu wa M12 ukachoka mu Lilongwe umadutsa pa Mpingu, Msundwe, Namitete ndi Kamwendo, n'kukafika pa boma la Mchinji patatha makilomita pafupifupi 110. Kuchokera pa bomapo, chipata cha Mwami chili pafupi, ndipo mukangodinditsa zikalata muli mu Zambia, tauni ya Chipata ili poteropo, Lusaka ili kutsogolo makilomita ena oposa 550. Ndi msewu wa ageni, wa mathiraki, wa maukwati ndi maliro a mbali zonse ziwiri, popeza malirewa adadutsa pakati pa abale. Magalimoto amagetsi akadali owerengeka m'chigawo chino, ndipo malo otchajira mwachangu ndi ochepa zedi. Koma akubwera. Boma la Zambia lidachotsa msonkho wa pachipata pa magalimoto amenewa kuyambira mu 2024, ndipo kuno kwathu aliyense amene adagonapo m'galimoto pa mzere wa petulo mu 2022, mu 2023 kapena kumapeto kwa 2024 safunika kuuzidwa chifukwa chake anthu ayamba kufunsa mtengo wa galimoto yosamwa mafuta.

Mizere ija idatisiyira makhalidwe. Tidaphunzira kudzaza thanki mpaka kukhosi, kubisa zigubu m'buti, kuimbira foni mlamu wa woyang'anira pampu, kulowerera kutsogolo ena akuwodzera. Zidali nzeru za nthawi ya usiwa, ndipo sindikuweruza munthu. Koma pa tchaja ya anthu onse, nzeru zomwezo ndi zimene zimaononga ulendo, wanu ndi wa mnzanu yemwe. Mfundo zotsatirazi zachokera pamenepo.

1. Ulendo umayamba ndi masamu

Batire ya galimoto imayezedwa ndi muyeso womwewo umene timagulira magetsi a ESCOM: yunitsi imodzi pa mita ya kunyumba ndi kWh imodzi pa batire. Galimoto yaing'ono ikamayenda mwachifatse imadya mayunitsi 15 mpaka 18 pa makilomita 100 alionse. Ndiye kuti kuchoka mu Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji pamafunika mayunitsi 17 mpaka 20. Nissan Leaf yoyamba, imene idatuluka mu 2010, idali ndi batire ya mayunitsi 24 ili yatsopano; ya mu 2017 idabwera ndi 40. Tsono magalimoto amene ambiri a ife timakwanitsa ndi oyendapo kale ku Japan, ndipo batire ikamakalamba imasunga zochepa. Leaf imene yatha zaka khumi pamsewu ikhoza kukutulani pa Kamwendo, boma likadali kutsogolo, ana kumbuyoko akufunsa ngati mwafika.

Nambala ya makilomita otsala imene imaoneka pa dashibodi ndi yongoyerekeza. Galimoto imaiwerengera potengera mmene mwayendera posachedwapa. Siidziwa kuti pa Namitete mukweza apongozi ndi matumba awiri a chimanga, kuti muyatsa eyakoni chifukwa ndi mwezi wa Okutobala, kapena kuti muthamanga 120 kuti mukapeze ukwati usanadalitsidwe. Pa zonsezi liwiro ndilo limadya kwambiri, chifukwa mphepo imene galimoto ikulimbana nayo imakula msanga kuposa liwirolo.

Mu Ogasiti 1888, mayi wina wa ku Germany, Bertha Benz, adatenga galimoto imene mwamuna wake Carl Benz adapanga, n'kunyamuka ndi ana ake aamuna awiri kuchoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim, mtunda wa makilomita pafupifupi 106, wongofanana ndi wa Lilongwe ndi Mchinji. Malo omwetsera mafuta kudalibe. Adaima pa sitolo ya mankhwala ku Wiesloch n'kugula ligroin, mankhwala ochotsera madontho pa zovala, ndipo ndiwo adayendera. Woyenda pa galimoto yamagetsi mu M12 lero ali pamene padali mayiyo: msewu sudam'konzekere. Ayenera kudziwiratu poima poyamba, adziwenso pachiwiri ngati poyambapo pakanika, ndipo azifika pa tchaja batire ikadali ndi 15 kapena 20 pa 100, kuti akapeza makina atafa akhale nayo mphamvu yokafikira kwina. Mukakhala nokha, kutchova juga ndi batire n'kufuna kwanu. Mukanyamula anthu, nthawi imene mukutchoverayo ndi yawo.

2. Funsani za pulagi musanalipire galimoto

Paipi ya pampu ya petulo imalowa m'galimoto iliyonse. Tchaja zachangu sizili choncho. Leaf ndi magalimoto ambiri ochokera ku Japan amalandira magetsi achangu kudzera pa pulagi yotchedwa CHAdeMO. Ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito CCS2. Opangidwira msika wa m'dziko la China amabwera ndi GB/T. Mitundu itatuyi siilowana, chonsecho kuno timalandira magalimoto kuchokera konseko kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Zolumikizira mtundu wina ndi unzake zilipo, koma n'zodula, ndipo si makina onse amene amagwirizana nazo.

Munthu akhoza kufika pa tchaja yatsopano, yoyaka bwinobwino, yopanda mzere, n'kuchokapo chimanjamanja chifukwa mutu wa chingwe wakana kulowa. Safunsa adadya phula. Ambirife tikangogula chinthu chodula timachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka achimidzi pamaso pa mnyamata wa pamalopo. Komatu mnyamatayo ndiye akudziwa kuti chingwe chakumanzere chidasiya kugwira ntchito sabata yatha. Imbani foni musananyamuke, mufunse mtundu wa pulagi, mphamvu ya makinawo, ndiponso ngati magetsi alipo lero. Wogulitsa galimoto amene sauza kasitomala za pulagi wamubera, ngakhale am'patse risiti yodinda.

3. Lekezani pa 80

Kunyumba, galimoto imalandira magetsi a AC a pa soketi n'kuwasandutsa yokha kukhala a DC amene batire imasunga. Kachipangizo kochita zimenezi m'galimotomo n'kakang'ono, n'chifukwa chake ntchitoyo imatenga usiku wonse. Tchaja yachangu ndi chibokosi chimene chimagwira ntchito yomweyo panja, n'kuthira magetsi a DC molunjika m'batire: zina ndi za 50 kW, zina 150, zikuluzikulu 350. Koma wolamula si chibokosicho. Kakompyuta koyang'anira batire ndiko kamanena mlingo umene batireyo ingalandire mphindi iliyonse, ndipo ikamadzaza kamatsitsa mlingowo poopa kutentha ndi kuonongeka kwa maselo.

Amene adalongedzapo mtedza m'thumba akudziwa mmene zimakhalira: poyamba umangokhuthula ndi lichero, thumba n'kumakwera msangamsanga, koma likafika kukhosi umayamba kugwedeza, kutsindira, kuonjezera dzanja limodzilimodzi kuti lisokeke. Imani pafupi ndi sikirini muone. Chingwe chake n'cholemera, chofuna manja awiri. Mukachilowetsa mumamva chikudzikhoma, mafani a m'bokosimo n'kuyamba kulira. Batire ili pa 20, sikirini ikuonetsa 45 kW, manambala akuthamanga. Pofika pa 60 mphamvu yayamba kale kutsika. Pa 80 yatsala mwina theka la poyamba paja, ndipo pa 95 ikungodontheza. Pa makina a 50 kW, batire ya mayunitsi 40 imatenga mphindi 40 kapena kuposerapo kuchoka pa 20 kufika pa 80. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 kukhoza kutenganso nthawi yonga yomweyo.

Apa mpamene khalidwe la pa mzere wa petulo limatipweteka. Kumene kuja, kudzaza thanki mpaka kusefukira kunkangoonjezera mphindi imodzi, ndiponso palibe ankadziwa kuti thiraki ya mafuta ibweranso liti. Kuno mayunitsi 8 omalizawo amadya theka la ola kapena kuposa, ndipo theka la olalo ndi la munthu amene waima kumbuyo kwanu batire yake ili pa 6, amene pa mphindi zomwezo akadathira mayunitsi pafupifupi 20. Mukum'landa 20 kuti inu mupeze 8. Choseketsa n'chakuti umbombo umenewu sukupindulitsani n'komwe: ngati kutsogolo kuli tchaja ina, wochoka pa 80 amakafika msanga kuposa wodikira 100, chifukwa amakatchajanso batire ili pansi, pamene imalandira mwachangu.

Zilipo nthawi zimene 100 imafunikadi. Amene akuyang'anizana ndi mtunda wautali wa mapiri ndi tchire, monga wa pakati pa Nyimba ndi Rufunsa, sangasewere ndi mayunitsi 8. Woteroyo atsike m'galimoto, apite kwa amene akudikirayo, anene kuti, "Pepani bambo, ine ndikupita kutali, ndifunika kudzaza ndithu. Ngati inu mukufuna pang'ono, yambani ndinu." Mnzakeyo akhoza kuvomera kapena kunena kuti adikira, koma wadziwa chimene akudikirira. Wadyera safotokoza, amakweza magalasi n'kumayang'ana foni.

4. Tchaja si poimika galimoto, ndipo mzere ndi mzere

Galimoto ikalumikizidwa chingwe chimakhomeka, ndipo pa magalimoto ena mwini wake yekha ndiye angachimasule. Amene wasiya galimoto pa tchaja n'kupita kukadikira nsima ya nkhuku ya lokolo, pamapeto pake n'kuitanitsa kabotolo, watsekera onse. Si ife tokha: ku America vutoli lidakula moti mu 2016 kampani ya Tesla idayamba kulipiritsa mphindi iliyonse imene galimoto yodzaza kale yakhala pa tchaja zake. Ife tisadikire chindapusa. Tcherani alamu pa foni, siyani nambala yanu pa galasi lakutsogolo, mubwerere nthawi isanakwane.

Taganizirani kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakhamukira ku Mkaika m'boma la Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kapena kumapeto kwa Febuluwale pamene Angoni amaoloka kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Magalimoto amatsatana pa Mwami kuyambira m'bandakucha. Pampu ya petulo imathana ndi galimoto imodzi pa mphindi zosakwana zisanu. Chingwe chimodzi chachangu chimathana ndi imodzi kapena ziwiri pa ola. Magalimoto asanu ndi limodzi okha ndi mzere wa maola atatu kapena kuposerapo.

Pa mzere wotero padzafika bwana wa tayi, wa chigalimoto cha batire ya mayunitsi 90, n'kutulutsa mawu athu aja: "Kodi ukundidziwa ine?" Mnyamata wa pamalopo adzanjenjemera, chifukwa ntchito ndi yosowa. Ena a pa mzere ndiwo ayenera kum'thandiza kuyankha mwaulemu kuti, "Tikukudziwani bwana, koma amayi awa ndiwo adayamba kufika." Wonyamula wodwala, woperekeza maliro, mayi wa khanda lolira: amenewa timawapatsa mpata tokha monga mwa chikhalidwe chathu. Mpatawo amapereka ndi a pa mzere atagwirizana. Ukagulidwa kwa mlonda ndi ya fanta, dzina lake ndi ziphuphu.

5. Magetsiwo ali ndi kochokera, ndipo ena akuwadikira

Pa sikirini sipalembedwa kumene magetsi achokera. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makilomita mazanamazana kuchokera ku Mchinji. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tsidya linalo ZESCO imadalira kwambiri Kariba ndi Kafue, ndipo chilala cha 2024 chidatsitsa madzi moti m'madera ambiri a Zambia magetsi ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Mukhoza kuoloka pa Mwami mukuthawa mdima, n'kukaupeza ku Chipata utakhala pampando. Wa galimoto yamagetsi asaseke anzake a pa mzere wa dizilo, poti naye ulendo wake uli m'manja mwa mvula.

Makina a 50 kW amakoka magetsi ofanana ndi maketulo 25 a 2 kW owira nthawi imodzi, ndipo a 150 kW kawirikawiri amafuna thiransifoma yawoyawo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo m'dziko lonse nyumba zounikira magetsi zidali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Chiwerengerochi chakwerako kuchokera nthawi imeneyo, komabe mu M12 mudzatchaja galimoto pamaso pa mwana amene amawerengera tochi, ndi mayi amene wakhala pa chigayo kuyambira m'mawa kudikira kuti magetsi ayake. Mayunitsi 24 amene mwathira pa mphindi 40 akhoza kuyatsa mababu anayi a LED a mawati 9, maola asanu usiku uliwonse, kwa miyezi inayi.

Sindikunena kuti galimoto yamagetsi ndi tchimo, ayi. Mafuta timagula ndi ndalama zakunja zimene tilibe, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 tonse tidaimva pa pampu. Madzi a Shire ndi dzuwa la ku Salima, kumene kuli munda wa sola wa mamegawati 60 kuyambira mu 2021, n'zathuzathu. Koma ola lotchajira lili ndi kanthu. Madzulo, kuyambira cha m'ma 5 mpaka m'ma 8 koloko, nyumba zonse zikuphika ndi kuunikira, ndipo mpamene magetsi amaperewera kwambiri, madera ena n'kuzimitsidwa kuti ena aone. Masana dzuwa lili pamutu, kapena pakati pa usiku, katunduyo amapepukako. Wapaulendo sikuti nthawi zonse angasankhe ola, koma pamene angathe asankhe.

6. Soketi ya mwini nyumba si yaulere

Ngakhale ku Norway, kumene mu 2024 pafupifupi magalimoto 9 pa 10 alionse atsopano ogulitsidwa adali amagetsi, anthu ambiri amatchaja kunyumba usiku. Yachangu ndi ya paulendo. Mumsewu wathu uno, kwa zaka zingapo zikubwerazi, chopulumutsa wapaulendo kawirikawiri chidzakhala soketi ya pa loji, ya ku mishoni kapena ya kwa achimwene anu pa boma. Soketi wamba ya mavoti 230 imapereka pafupifupi 2.3 kW kudzera pa chingwe chobwera ndi galimoto, ndiye kuti mayunitsi 20 amatenga maola 9 kapena 10. Ndi nkhani yogonera.

Mlendo amafika madzulo n'kunena mopepuka kuti, "Mayi, ndingatchajeko pang'ono?" Mayiwo amaganiza za foni, n'kuvomera ndi manja awiri. Chingwe chimadutsa pawindo la kuchipinda chochezera n'kukalowa mu ekisitenshoni yotchipa ya pamsika, imene ntchito yake idali wailesi ndi fani. Pofika 10 koloko pulagi yatentha yosagwirika, pulasitiki yayamba kununkha. M'mawa mita ikulira, mayunitsi amene banjalo lidagula kuti awafikitse kumapeto kwa mwezi atha. Mwa ulemu wathu mayiwo sanena kanthu, amaperekeza mlendo mpaka pageti akumwetulira. Adzanena iye atapita, ndipo wotsatira wa galimoto yamagetsi adzauzidwa kuti soketi idafa.

Nenani zoona musanalumikize: mayunitsi angati, maola angati. Werengani mita limodzi poyamba ndi pomaliza, kapena gulani tokeni pa Mpamba kapena Airtel Money, muilowetse nokha, muonjezerepo ndithu. Lumikizani pa soketi ya pakhoma yokhala ndi waya wa ethi, osadzera pa ekisitenshoni, ndipo pakatha theka la ola kaigwireni pulagiyo, ikatentha zimitsani. Nyumba zambiri zakale mawaya ake sadawaikire katundu wokoka usiku wonse, ndipo moto ukabuka yopsa ndi nyumba ya eni ake. Akakana ndalama chifukwa ndinu mbale, tokeniyo ilowetseni basi.

7. Kuthamanga si kufika

Kuchoka pa Chipata kupita ku Lusaka, msewu wa Great East umadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, n'kutsikira ku mlatho wa Luangwa kumene kumatentha koopsa mu Okutobala ndi Novembala, kenako n'kukweranso mapiri. Potsika, galimoto yamagetsi imabwezera mphamvu pang'ono m'batire. Pokwera imaitenga yonse ndi chiwongoladzanja. Ulendo wonsewo umafuna mayunitsi 90 kapena 100, kutanthauza kuima kangapo. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, choncho mukaithamangitsa n'kuitchaja mwachangu kawiri katatu motsatizana imatentha, kakompyuta kaja n'kutsitsa mlingo, moti kutchaja kwachitatu kumachedwa kuposa koyamba. Woyenda 90 amafika pa tchaja batire ili yoziziriko ndiponso itatsala ndi zambiri, ndipo si zachilendo kuti akafike limodzi ndi amene ankam'pitirira pa 120. Mphindi 40 zodikirazo dalaivala awongole miyendo, amwe madzi, atsinzineko. Pa petulo palibe chimene chimam'kakamiza kutero, ndipo ngozi za tulo tikuzidziwa.

8. Mtengo ulembedwe poonekera

Mu Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene woyenda amaimapo kamodzi m'malo mwa kawiri. Koma ndalama zikadali ziwiri, ngakhale zonse ndi kwacha, ndipo simu khadi ya kuno sichita zonse tsidya linalo. Tchaja zambiri padziko lapansi zimayatsidwa ndi apu ya pa foni kapena khadi. Popanda netiweki, popanda bando, chibokosicho chimangokuyang'anani. Za simu ndi ndalama konzeranitu musanaoloke.

Mbali yaikulu ya mfundoyi ndi ya eni makina. Mtengo wa lita ya petulo amalengeza ndi a MERA, ndipo ngakhale mwana wa sukulu amaudziwa. Wa tchaja nawo ulembedwe pa chikwangwani, pa yunitsi. Kulipiritsa pa mphindi kumalanga wa galimoto yakale imene imalandira pang'onopang'ono, amenenso nthawi zambiri ndiye wochepa m'thumba pa onse a pa mzere. Munthu amene batire yake ili pa 3, dzuwa likulowa, sangakane mtengo ulionse. Tidaona zimene mavenda a zigubu ankachita ndi munthu wotero, ndipo khalidwe lomwelo likavala yunifolomu ya kampani silisintha dzina.

9. Cha onse chili ndi mwini, mwiniyo ndinu

M'kati mwa chingwe chija muli kopa, ndipo ESCOM yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za anthu oba mawaya ndi mafuta a m'mathiransifoma. Ngakhale ku United States akuba amadula zingwe za tchaja kuti akagulitse kopa wa ndalama zochepa, n'kusiya makina a ndalama zankhaninkhani atafa. Wodula amakhala mmodzi, koma wogula kopayo amadziwika pamsika, ndipo oona n'kukhala chete amakhala ambiri. Mukamaliza, chingwe chibwezereni pokolekera pake. Chikasiyidwa pansi mutu wake umalowa matope, wina n'kuuponda ndi tayala. Mukapeza makina atafa uzani mwini wake ndi anzanu a pamsewu, ndipo munene zimene mwaona nokha. Uthenga umodzi wa m'maluwa woti "ikugwira" ukhoza kugoneka banja lonse patchire.

Mawaya a mtundu wa olenji m'galimotomo amanyamula mavoti 350 kapena 400. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, ngakhale akhale katswiri wa ma Sienta, asawakhudze asanaphunzire, ndipo inu musam'kakamize chifukwa choti mwachedwa.

10. Musadikire kuti akuganizireni

Kopa wa m'chingwecho akhoza kukhala wa ku Copperbelt. Cobalt wa m'mabatire ambiri amachokera ku Congo, dziko limene limakumba woposa theka la cobalt wa padziko lonse. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kufupi ndi kuno, kampani ya Sovereign Metals yapeza graphite wochuluka, mwala umene umalowa m'mabatire omwewa. Chigawo chino cha Africa chikuyendetsa kale magalimoto amagetsi a anthu ena, ndipo chili ndi pakamwa pofunsira zake. Khonsolo ya Mchinji, ESCOM ndi MERA akamadzakambirana za poika tchaja mu M12, anthu a m'bomali, amalonda, mafumu ndi madalaivala, mudzapiteko ku misonkhanoyo. Mukafunse kuti makinawo akhale ndi CHAdeMO ndi CCS2 yomwe, akhale ndi sola ndi mabatire awo kuti asalimbirane thiransifoma ndi chipatala ndi zigayo, ndiponso pakhale masoketi a njinga zamoto zamagetsi, chifukwa anyamata a kabaza pa Kamwendo ndi pa boma ndi ochuluka kuposa eni magalimoto.